Nsikidzi za Che Asani

Ku Lusaka sindinapite chifukwa chokonda magetsi ayi. Bambo a ana anali atatisiya, fodya wa chaka chimenecho anapserera m'munda, ndipo pakhomo panatsala ana atatu ndi nkhuku imodzi yosaikira. Msuweni wanga wina anabwera kumudzi atavala nsapato zogogoda, nati ku Lusaka akazi amalipidwa chifukwa chosesa m'nyumba mosesedwa kale. Ndinati ntchito imeneyo ndiye anandilengera Mulungu. Ana ndinasiyira mayi anga, wamng'ono akadakwawa. Malire ndinadutsira kuseri pa njinga ya kabaza, pakuti chiphaso ndinalibe, ndipo pa Chipata ndinakwera basi imene inayenda mpaka matako anga anaiwala mwini wake.

Ntchito yosesayo ndinaipezadi, ku mayadi a ku Kabulonga, koma sinakhalitse. Tsiku lina adona anandipatsa sopo wonunkhira kuti ndisambitse galu. Ndinayang'ana galu, ndinayang'ana sopo. Galuyo ndinamusambitsa ndi sopo wochapira, wonunkhirayo ndinasamba ndekha. Anandigwira ndi fungo ndikupereka tiyi.

Ndiye ndinagwera ku Kalingalinga, kophwanya miyala m'mbali mwa msewu. Umakhala pansi miyendo tambalale, mwala pakati, hamala m'manja, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lipendeke, omanga nyumba n'kumabwera kudzagula pa wilibala. Fumbi limalowa m'mano, m'makutu, ngakhale m'maloto. Chala ichi chinapindika kumeneko. Amene anandiphunzitsa ntchitoyo ndi Bana Mulenga, Mbemba wa pakamwa ngati wailesi. Tsiku loyamba ataona ndikumenya mwala mwaulemu anati, "Ba Malawi, mwala si apongozi banu. Menyani!" Kuyambira pamenepo ndinakhala ba Malawi. Dzina langa lenileni palibe analifunsa zaka zonsezo.

Kangachepe kamene ndinkapeza ndinkatumiza kwathu. Mayi anga ankanditumizira tizingwe ta muyezo wa mapazi a ana kuti ndigule nsapato, koma pomafika nsapatozo mapazi amakhala atakula kale. Pamene ndinabwerera kumudzi, uja ndinamusiya akukwawa anandilandira ali ndi mwana kumbuyo. Anagwada patali ngati ndine mlendo wa boma, nati, "Takulandirani amayi a ku Lusaka." Malata amene ndinatumiza ndinawapeza ali bwinobwino, koma pa golosale ya mlongo wanga. Ndikati ndidandaule, onse ankangoseka kalankhulidwe kanga, akuti ndimati vinthu m'malo mwa zinthu. Zimenezo zisiyeni. Ine ndikufuna ndikuuzeni za Che Asani.

Che Asani ankakhala kuseri kwa kachipinda kanga. Anali nkhalamba ya ku Mangochi, anapita ku migodi ali mnyamata, kenako anagwira ya ulonda mu Lusaka mpaka tsitsi linayera. Anabadwa Msilamu, koma anakwatira mayi wa Chikhristu, ndipo Mulungu sanawapatse mwana. Mayiyo atamwalira, mdalayo anatsala ngati mbuzi ya anthu awiri: Asilamu ankati anatsata mkazi ku tchalitchi, Akhristu ankati ali ndi anthu ake ku mzikiti. Mbuzi yotero imagona panja.

Tinadziwana chifukwa cha moni. Ndikudutsa ndi ndowa ndinamva, "Mwaswera bwanji, mwanangu?" Chichewa cha kwathu chenicheni, chopanda "manje" wa Chinyanja cha ku Lusaka. Ndinatula ndowa. Ndinawapeza atakhala pakhomo, miyendo yotupa ngati mitondo, ndipo m'nyumba munalibe ngakhale phulusa losonyeza kuti pena pamapsa kanthu. Kuyambira tsiku limenelo ndinkawapatsira phala m'mawa uliwonse. Koma phala la wophwanya miyala mukulidziwa: lopanda shuga, lowona nkhope yako m'kati. Munthu ankatha ndikumuona.

Ine ndinali wa chigwirizano cha amayi ku mpingo, wovala bulauzi yoyera ndi duku Lachinayi lililonse. Mtsogoleri wathu anali Amai Zulu, wamkulu thupi, wamkulu mawu. Akatsokomola m'tchalitchi ngakhale abusa ankabwereza vesi poganiza kuti alakwitsa. Lachinayi lina ndinaimika dzanja n'kupempha kuti tikamayendera odwala tizifikanso kwa Che Asani.

"Ba Malawi," anatero Amai Zulu, "uja mdala ni Mchawa. Ali na bantu bake. Ise tili na nkhalamba zathu, sitinazisilize."

Ndinapita kwa a Shehe, amene ankasoka pa makina pamsika. Anandimvera mwaulemu, ulusi uli pakamwa.

"Asani? Akadali moyo? Ife timayesa anatembenuka kalekale. Tidzafika, mayi."

Sanafike. Sindikuwanena, nawonso anali ndi nkhalamba zawo.

Tsono ku Lusaka maliro sachita kulengeza. Ukaona mipando ndi bedi zatulutsidwa panja, chikuni chachikulu chikufuka pabwalo, usafunse. Vula nsapato, lowa, lira.

Linali Lachinayi la mwezi wotentha uja. Ine ndi Bana Mulenga tinali titavala kale zoyera, ndipo ndinati tidzere kwa Che Asani ndikasiye phala. Titakhota pa ngodya ndinaima. Bedi panja. Matiresi panja. Mpando wa miyendo itatu panja, sutikesi panja. Pakati pa bwalo chikuni chikufuka. Ndinasuzumira pakhomo: munthu ali gone pansi chagada, wafundidwa chitenje cha malemu akazi ake kuyambira kumutu mpaka ku akakolo.

"Bamuphimba kale," ananong'ona Bana Mulenga.

Mbale ya phala inagwa yokha. Ndinaika manja kumutu n'kuliyamba la kwathu, lija lomveka kutsidya kwa dambo. "Mayo ine! Bambo anga ine! Mwafera kuchilendo ngati galu ine!" Ndinalira zoona, musandiseke. Ndinkalira iwo, ndinkaliranso ndekha, pakuti ndinaona m'mene ndidzafere.

Anthu a ku Kalingalinga pa maliro ndi ena. Mpunga usanapse n'komwe, bwalo linali litadzaza. Bana Mulenga anaimbira foni Amai Zulu, ndipo chigwirizano chonse, m'malo mopita ku tchalitchi, chinakhotera kuno chikuimba. Palibe anavundukula chitenje. Aliyense ankayesa kuti mnzake ndiye anatseka maso a malemu, komanso tinauzana kuti mtembo wa mwamuna wa Chisilamu mkazi sakhudza.

Kenako zinthu zinayamba kufika. Ufa m'mabeseni. Kabichi. Nyemba, kapenta, anyezi, botolo la mafuta, shuga. Wogulitsa makala wa pa ngodya, amene ankadutsa pakhomopo tsiku ndi tsiku osapereka ngakhale moni, anabwera atasenza thumba lathunthu, nkhope ili yachisoni ngati wafa ndi malume ake. Mafuwa anaikidwa, miphika inakhala pamoto.

Ine, poti ndinali wa dziko limodzi ndi malemu, anandikhazika kumutu ngati mwini maliro, Bana Mulenga kumiyendo. Amayi ena anadzazana m'kachipindamo mawondo kugundana, Amai Zulu atatsekereza khomo. Tinaimba nyimbo yoyamba, yachiwiri. Yachitatu ili pakati, dzanja lozizira linatuluka pansi pa chitenje n'kundigwira mwendo.

Ndikanakhala munthu wosapemphera, maliro akanakhala enieni, anga.

"Mwanangu," mawu anatuluka pansi pa nsalu, "wamwalira ndani?"

Ndinawerama ngati chisoni chandipinda msana. Amayi ankaimba mokweza, palibe anamva.

"Inuyo, Che Asani."



"Liti?"

"M'mawa womwe uno."

"Aa! Ine ndimafuna kupha nsikidzi. Ndatulutsa katundu kuti awombedwe dzuwa, ndakoleza moto wa madzi otentha, mphamvu n'kundithera. Ndinati ndigone pang'ono, ndafunda chifukwa cha ntchentche."

"Phokoso lonseli osamva?"

"Ndagwira ya ulonda zaka zambiri, mwanangu. Tulo ndimatidziwa."

"Ndiye dzukani anthu akuoneni."

"Dikira." Ndinaona chitenje chikukwera ndi kutsika pamphuno. "Chikununkhiracho n'chiyani?"

"Akukazinga anyezi. Kuli kapenta, kuli nyemba."

"Ndi mafuta?"

"Ndi mafuta."

"Chimwalirireni akazi anga aja, pakhomo pano sipananunkhirepo chotere. Mwanangu, ndikupempha. Ndisiye ndife pang'ono mpaka zipse."

Bodza ndi tchimo, ndinkadziwa, ndipo ndinali m'zoyera. Koma nthiti za munthuyo ndinkazidziwanso, ndinkaziona m'mawa uliwonse. Ndinadziwa kuti akadzuka tsopano, miphika ija idzuka nawo n'kubwerera kwawo. Ndinakweza maso kumwamba, ndinaona malata obookabooka. Ndinati Ambuye, Inu mukuona zonse kudzera m'mabowo amenewa, ngati n'kulakwa chikhale pa ine. Ndipo nyimbo yachinayi ndinaiyambitsa ndine.

Chimene tinaiwala ndi eni nyumba enieni. Nsikidzi za m'bedi zinali panja padzuwa, koma za m'ming'alu ya khoma zinali momwemo, ndipo chibadwire zinali zisanaonepo amayi onenepa chotere. Zinatsika ndi ana omwe. Ndinaona mayi wina akusuntha thako, wina akulowetsa dzanja m'bulauzi ngati wagwidwa mtima. Amai Zulu anayamba kuomba ntchafu, ife n'kumayesa akutipatsa kayendedwe ka nyimbo, mpaka nyimbo ya maliro inathamanga ngati ya ukwati.

Malemu nawo sanasiyidwe. Chala chachikulu cha phazi lamanja chinasuntha pang'onopang'ono n'kuyamba kukanda mwendo wamanzere. Bana Mulenga anasiya kuimba, kukamwa kuli yasa. Anandikoka bulauzi.

"Ba Malawi. Mtembo uzikanda."

"Imbani."

"Nakamba ati mtembo uzikanda!"

"Bana Mulenga, kapenta sanapse. Imbani."

Anandiyang'ana, anayang'ana phazi, ananunkhiza mphepo. Mayi uja anali wochenjera. Anavula chitenje chake chapamwamba, anafunditsa mapaziwo, n'kugwa chafufumimba akulira kuposa tonse, mapewa akugwedezeka. Amayi ena ankanong'onezana kuti sankadziwa kuti Bana Mulenga ali ndi mtima wotere.

Dzuwa litafika pamutu, panja panamveka mawu a amuna. A Shehe anali atafika ndi anthu awo, atavala mikanjo, atanyamula nsalu yoyera ndi chonyamulira maliro. Amai Zulu anaimirira n'kudzaza khomo lonse.

"Mwabwela kuchita chani?"

"Tabwera kudzatenga m'bale wathu, mayi."

"M'bale wanu? Uyu ni wathu! Bakazi bake benze ba mu chigwirizano, tinabaika ise. Azagona pafupi na bakazi bake."

"Dzina lake ndi Asani. Anabadwa Msilamu, apita Msilamu."

"Lelo ndiye mwamuziba?"

"Nanga inu munamudziwa liti?"

Anakangana, anthu inu. Munthu amene dzulo analibe womupatsa madzi, lero mipingo iwiri inkafuna kumenyana chifukwa cha iye. Pomaliza a Shehe anakweza mawu.

"Ife sitigoneka maliro. Galimoto ili pamsewu. Timutengere ku mochale, tikatenge chikalata, dzuwa lisanalowe akhale atagona m'nyumba yake."

Dzanja lija linandigwiranso.

"Mwanangu, mochale ndi kuja kwa firiji?"

"Komweko."

"Ndiye basi."

Ndisanakonze n'komwe mawu oti ndiwakonzekeretse anthu, malemu anadzuka n'kukhala tsonga, chitenje chikadali kumutu, nati mwaulemu, "Zikomo nonse mwabwera."

Khomo la kachipinda kaja linali la munthu mmodzi, woonda. Tsiku limenelo linatulutsa amayi atatu nthawi imodzi, Amai Zulu ali pakati. Amene anali panja anathawa poona am'kati akuthawa. Anthu a mikanjo anataya chonyamulira chija n'kulumpha ngalande. A Shehe okha ndiwo anaima nji, ndipo anthu anawatama kulimba mtima, koma iwo anandiuza pambuyo pake kuti miyendo ndiyo inakana.

Mantha atatha kunabwera kuseka, kuseka kutatha kunabwera mkwiyo. Anthu anabwerera mmodzimmodzi, ndipo chimene ndinkaopa chinayamba. Mayi wina anatenga beseni lake la ufa. Wina kabichi wake. Wina anafika pofuna kutsanulira mafuta ake m'botolo kuchokera mu mphika. Wamakala anagwira thumba lake kuti asenze.

Ndinathamanga n'kulikhalira thumbalo, ndi zoyera zanga zomwe.

"Chokaniponi, ba Malawi."

"Sindichoka. Munabweretsera ndani?"

"Maliro."

"Wakufa amaotha moto? Wakufa amadya nyemba? Mwini wake uyo ali ndi njala, mukuti alakwa chifukwa akupuma?"

Amai Zulu anafika, duku lili pakhutu, nsapato imodzi kulibe.

"Ba Malawi, niuzeni zoona. Munaziba?"

"Poyamba sindinadziwe, mayi. Ndinadziwa nyimbo yachitatu ili pakati."

"Na yachinayi munayambisa ndimwe."

"Ndine."

"Na yunifomu pathupi! Mwatinamiza, mwatilumisa na nsikizi, mwatisebanya pamenso pa Asilamu!"

Ndinangogwiritsa thumba.

Pamenepo Che Asani anatulukira pakhomo atagwira mphuthu, opanda malaya. Ambiri aja anali asanawaonepo padzuwa chiyambire kudwala. Nthiti zonse zinali pamtunda, khosi ngati la nkhuku yososoka, miyendo yotupa ikunjenjemera. Anayang'ana miphika, anayang'ana mayi amene anali ndi beseni la ufa pamutu, kenako anaomba m'manja pang'onopang'ono.

"Pepani, anthu a Mulungu, ndakutayitsani nthawi. Tengani zanu, musadandaule. Sindichedwa. Mukadzabweranso simudzapita pachabe."

Kunkangomveka nyemba zikubwata.

Amai Zulu anawayang'ana mdalayo nthawi yaitali. Kenako anakonza duku, natembenukira kwa wamakala.

"Iwe, siya saka. Unapasa Mulungu, manje ufuna kumupoka? Naimwe amai, tulani unga. Bana Mulenga, leka kuseka, pakula. Mbale yoyamba ni ya batate aba."

A Shehe anavula nsapato, anatenga mpando wa miyendo itatu uja, anauchirikiza ndi njerwa, n'kumukhazika mnzawo. Anamusambitsa m'manja okha.

"Asani, watichititsa manyazi."

"Ndinangogona, a Shehe."

"Ayi, ogona tinali ife. Idya."

Sindinaonepo munthu akudya pa maliro ake ndi mtima wonse chotere. Anthu anadya naye, Akhristu uku, Asilamu uku, akuseka mpaka kutsamwa. Titatha kudya, amayi a zoyera anamanga zitenje m'chiuno, anawiritsa madzi pa chikuni chomwe chija, n'kuthira bedi, makoma, ming'alu yonse. Amai Zulu ankathira okha, akutukwana nsikidzi iliyonse payokhapayokha.

Musaganize kuti ine ndinapulumuka. Lachinayi lotsatira anandiimika kutsogolo.

"Chifundo ni chifundo, boza ni boza," anatero Amai Zulu. Anandivula zoyera miyezi itatu, ndizikhala kumbuyo ndi chitenje wamba. Ndinavomera, pakuti yachinayi ija ndinayambitsadi ndine. Koma pa msonkhano womwewo anagawa masiku: uyu Lolemba phala, uyu Lachitatu kuchapa, uyu kuperekeza mdala ku chipatala.

Asilamu atamva kuti Akhristu agawana masiku, anati sizingatheke m'bale wawo adyetsedwe ndi anthu ena iwo akuonerera. Lachisanu akatuluka ku mzikiti ankabwera ndi mpunga. Amai Zulu atamva za mpunga anati ife tipite ndi nkhuku, ndipo anaitumiza kwa a Shehe kuti aizinge okha mdala asakane. A Shehe anasoka malaya awiri. Ife tinagula bulangete. Che Asani ankangokhala pakati ngati mkwatibwi, akulandira uku ndi uku. Akafunsidwa kuti kodi kwenikweni ndinu wa mbali iti, ankati, "Ndikadaganiza, musandifulumize." Miyendo inaphwa, masaya anabwerera, mpaka anayamba kudandaula kuti nyemba za Lachitatu zimachepa mchere.

Anakhala nafe mvula zitatu. Tsiku limene anapitadi kunali m'mawa, kunja kukuwala bwino. Anali atadwala sabata imodzi, ndipo m'kachipindamo munali anthu: a Shehe kumutu akuwanong'oneza mawu a chipembedzo chawo, ine ndi Bana Mulenga kumiyendo, Amai Zulu pakhomo ndi mbale ya phala la shuga limene anamwako masipuni awiri. Anapuma kamodzi mokoka, basi.

A Shehe anawatseka maso. Koma palibe analira. Tinangoyang'anana. Panja anthu anali atayamba kusonkhana, nawonso ali chete, aliyense akuopa kuyamba.

Amai Zulu anaika mbale pansi. Anapempha a Shehe ndi maso, a Shehe anagwedeza mutu. Anagwada movutikira, anavundukula bulangete kumapazi, n'kukanda pansi pa phazi ndi chikhadabo.

"Ba Asani. Kuli kapenta."

Anadikira. Anakandanso.

"Ba Asani, na mafuta."

Phazi silinasunthe. Analifunditsa bwinobwino, analisisita kamodzi, natembenukira kwa ine misozi ili mbwembwembwe.

"Ba Malawi, manje ni zoona. Yambani."

Ndinaika manja kumutu, ndinatsegula pakamwa. Mawu sanatuluke.